Tsiku la Makumi Asanu ndi Limodzi

Fomu imati ndibwerereko pakatha miyezi iwiri.
Ndabwerera.
Njinga ndayedzamiritsa pamtengo wa mango kuno kwa Mwansambo,
tcheni chadzaza mchenga,
make Twaibu akuyanika makaka pathandala
osacheuka, poti belo langa akulidziwa.

Ulendo woyamba anandiyalira zonse:
Lachiwiri thupi moto,
Lachinayi kuzizira, mwana n'kupempha chinangwa chootcha,
Lachisanu mbandakucha adzuke akataye madzi,
mwendo wamanzere n'kukana.
Sunatupe, sunathyoke, munga palibe.
Unangoti lobodo ngati luzi lonyowa.

Ine ntchito yanga n'kuwerenga.
Kumaphunziro ku Salima anatiuza kuti
mwa ana zikwi zana limodzi
tizipeza awiri pachaka ofooka miyendo mwadzidzidzi,
ndipo tikapanda kuwapeza
si kuti kulibe, ndife amene tagona.
Ndinalemba m'kope, mtima uli pa alawansi.
Sindinkadziwa kuti mmodzi mwa awiriwo
ali ndi mano awiri ogweluka
ndipo amanditchula adokotala, chikhalirecho sindine.

Timabotolo tiwiri, chimbudzi cha lero ndi cha mawa.
Atsibweni ake anandiimitsa pachipata:
Zamwanazo mukupita nazo kuti?
Kuno wotola zimenezo tili ndi dzina lake.
Ndinawatsegulira bokosi aone madzi oundana,
anagwira, nachotsa dzanja msanga, nandilola.
Chimbudzicho chinakwera galimoto mpaka ku Lilongwe,
kenako ndege,
kumene ine ndi Twaibu sitinapondeko.

Yankho linafika pafoni ndikudya nzimbe.
Si poliyo.
Ndi kachilombo kena, kamsuweni wake,
dzina lake zilembo ndi manambala ngati galimoto.
Kuofesi anapuma mpweya wautali,
wina mpaka anaomba m'manja.
Nditakawauza make Twaibu
anatulutsa khadi la kusikelo m'jumbo ya shuga,
madontho onse ochongedwa, ena ndi dzanja langa lomwe,
nati: Ngati si iyeyo,
ndiye kuti mwendo ubwerera?

Lero ndabwereka tepi kwa telala.
Ntchafu yakumanja, ndalemba.
Yakumanzere yachepa ndi zala ziwiri.
Kankha dzanja langa, Twaibu.
Akuluma mlomo, mitsempha ya m'khosi njo,
phazi lili zii.
Kankhanso.
Chala chachikulu chagwedera pang'ono
ngati mutu wa buluzi padzuwa.
Mwaona? akutero make. Mwaona, adokotala?

Ndaona.
Koma fomu ili ndi timabokosi tiwiri tokha:
kufooka kulipobe, inde kapena ayi.
Ka chala palibe.
Palibenso polemba kuti patapata wakumanja wadyeka chidendene
pomwe mnzake akadali watsopano ngati wa pamsika,
kapena kuti anzake amuika pagolo
ndipo chikulunga sichimudutsa atakhala pansi,
kapena kuti kusukulu ndi kuwoloka dambo
ndipo msana wa make wanyamula kale wina woyamwa.

Ndachonga inde.
Bolopeni inakana kaye, ndinachita kuihemera.

Madzulo ano ndikabaya kapini pamapu a pakhoma,
kachitatu chaka chino,
tiwiri tayandikana m'mbali mwa mtsinje umodzi.
Amene amadziwa kuwerenga timapini
adzafunsa za zitsime, za zimbudzi zogwa ndi mvula,
za mwezi umene malungowo anayamba,
za amene anabwera kumaliro kuchokera kutali.
Mwina adzapeza njira imene kanadzera.
Ndikufuna aipeze.

Make Twaibu andiikira makaka m'chikwama
pamwamba pa mafomu.
Pondiperekeza akunena motsitsa mawu
kuti kuseri kwa mzikiti, kwa a Mdala Sumaili,
kamtsikana kena sikanatuluke panja chiyambire Loweruka.
Akuti n'kutsegula m'mimba chabe. Akuti.

Tayala lakumbuyo laphwa.
Twaibu wakwawa kudzandigwirira pampu.